Tisanagulitse Mbuzi Chifukwa cha Mwana Wophethiraphethira

 Nkhani ya mwezi uno inatipeza yokha pakhonde la nyumba ya mbusa, Lamulungu lina mapemphero atatha, anthu atabalalika.

Kunatsala mayi wina wa mumpingo mwathu ndi mwana wake wamwamuna wa zaka 9. Maina awo sititchula, ndipo atilola kuti tifotokoze. Mnyamatayo anakhala pansi mwaulemu, koma maso ake sanali kupuma: kuphethira katatu kapena kanayi motsatizana, kenaka phewa n'kudumpha, kenaka kamawu kouma pakhosi ngati munthu amene gaga wamuima. Mayiyo anati zinayamba dzinja la chaka chatha ndi maso okha. Aphunzitsi anamukwapula poyesa kuti akuwanyoza. Bambo ake anati n'chizolowezi choipa, chidzatha ndi chikoti. Agogo ake anati mwanayo analumpha mankhwala panjira, napita naye kokatemera mphini, ndipo zipsera zake tinaziona m'mbali mwa maso. Potsiriza panafika munthu wa chikwama chodzaza ndi mabotolo okongola a makapisozi, amene anati ubongo wa mwanayo ukusowa chakudya. Botolo loyamba linadya mbuzi imodzi. Kwa masabata atatu mwanayo anakhala ngati wachira, ndipo banja linayamika. Sabata lachinayi zonse zinabwerera, ndipo wachikwamayo anati pafunika mabotolo ena atatu kuti mankhwala akhazikike m'thupi.

"Abusa," anatero mayiyo, "mbuzi yatsala imodzi. Tigulitse kodi?"

Ife tinati, "Mayi, taimani kaye." Tsiku limenelo tinalibe yankho loposa pamenepo, pakuti kusukulu ya Baibulo sanatiphunzitse za ubongo wa ana. Tinapita kukafunsa kwa anthu a zaumoyo ndi kuwerenga zimene madokotala analemba, ndipo zimene tinapezazo n'zimene tikufuna kugawana nanu, podziwa kuti mwana wotere sali mumpingo mwathu mokha.

Vutoli lili ndi dzina. Anamwino athu pa Chipwitikizi amati tique, ndipo ife tingoti tiki. Tiki ndi kugwedezeka kwadzidzidzi kwa chiwalo, kapena kamawu kotuluka mobwerezabwereza, mwana asanafune: kuphethira, kukwinya nkhope, kugwedeza mutu, kukweza mapewa, kukoka mpweya m'mphuno ngati wa chimfine, kutsokomola kopanda chifuwa. Kawirikawiri matiki amayamba mwana ali ndi zaka 4 mpaka 6, amakula kwambiri pa zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa ana ambiri amachepa akamasinkhuka, mwa ena n'kutheratu. Anyamata amagwidwa katatu kapena kanayi kuposa atsikana. Si chinthu chachilendo ayi, pakuti mwana mmodzi pa asanu alionse angathe kukhalapo ndi tiki kwa kanthawi pa zaka zake za kusukulu. Ngati matiki a ziwalo ndi a mawu akhala mwa mwana koposa chaka, amatchedwa matenda a Tourette, potengera dzina la dokotala wa ku Paris, Georges Gilles de la Tourette, amene mu 1885 analemba za odwala 9 otere. Ana a Tourette ndi ochepa, osapitirira mmodzi pa 100. Gwero lake lili m'zigawo za ubongo zimene zimasefa kayendedwe ka thupi, kulola kena ndi kuletsa kena, ndipo kawirikawiri zimayenda m'magazi a mtundu. Mukafunsa bwino mudzamva kuti amalume ena anali ndi kachizolowezi kogwedeza mutu ali mwana. Matiki sapatsirana, sachepetsa nzeru, ndipo sapha.

Ana okulirapo amafotokoza kuti tiki isanabwere amamva kanthu ngati kuyabwa kapena kulemera pamalopo, monga timamvera m'mphuno tisanayetsemule. Angathe kuigwira kwa kanthawi, monga tigwirira chifuwa mkati mwa pemphero lalitali, koma mapeto ake imatuluka ndithu. N'chifukwa chake kholo limati, "Ndikamukalipira amasiya, ndiye kuti amachitira dala." Sachitira dala. Wangogwira mpweya poopa inu.

Tsono chimene tikupempha kuti muchigwiritse, ngakhale muiwale zina zonse, ndi ichi: matiki amakwera ndi kutsika okha. Mwezi uno avuta, mwezi wamawa azilala, kenaka abwerera, mwina atasamuka kuchoka m'maso kupita kukhosi, popanda wina kuchitapo kanthu. Ife a kuno sitisowa mphunzitsi pa zimenezi, pakuti tili ndi Chilwa. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anagona pamatope ong'aluka, koma nthawi zonsezo madzi anabwerera pamene Likangala, Phalombe ndi Mnembo inasefukira ndi mvula. Munthu amene akanaima pagombe nyanja itaphweratu, n'kuthirapo kabotolo kake ka madzi, n'kudikira miyezi ingapo, akanatha kulengeza kuti Chilwa wadzaza ndi iye, ndipo ena akanamukhulupirira. Kodi kholo limathamangira mankhwala liti? Pamene zinthu zafika poipitsitsa. Ndipo matiki akafika poipitsitsa, chotsatira chake mwa chikhalidwe chawo ndi kutsika. Chotero chilichonse chimene chaperekedwa sabata limenelo chimalandira ulemu: mphini zagwira ntchito, botolo lagwira ntchito, kusala mazira kwagwira ntchito. Akabwerera, timauzidwa kuti muyeso unachepa. Sitikunena kuti aliyense wogulitsa ndi wabodza. Ambiri nawonso ananyengedwa ndi kukwera ndi kutsika komweku, ndipo amakhulupirira moona zimene amagulitsa. Koma mbuzi ikapita yapita.

Tisanafike ku zakudya, pali ntchito imene siyenera kudikira. Si kugwedezeka kulikonse kumene kuli tiki, ndipo pali matenda ena amene kuchedwa nawo kumawononga mwana. Oyamba ndi khunyu. Mwana wa tiki amakhala ali maso, amamva, mukamuitana amayankha. Koma ngati pa kuphethirako mwana amangoti duu, osayankha, nsima n'kugwa m'manja, pambuyo pake osakumbukira kanthu, kapena ngati amagwa ndi kuuma thupi, pitani naye kuchipatala msanga, pakuti khunyu ali ndi mankhwala ake, ndipo kuno kwathu kumene ana amasewera m'mbali mwa madzi ndi kuotha moto madzulo, kuchedwa kumaphetsa.

Achiwiri ndi amene ambiri a ife sitinawamvepo. Mwana akadwala zilonda za pakhosi zoyamba ndi kachilombo kotchedwa streptococcus, ndipo osalandira mankhwala, patapita masabata kapena miyezi angathe kuyamba kugwedezeka manja ndi miyendo ngati akuvina, kugwetsa kapu, kulemba mokhotakhota, kulira popanda chifukwa. Dokotala wa ku England, Thomas Sydenham, anafotokoza za kuvina kumeneku mu 1686, ndipo kumagwira atsikana kawirikawiri. Choopsa chake n'chakuti matenda omwewo amadya tizitseko ta mtima mwakachetechete. M'dziko lathu lino si nkhani yakutali: kafukufuku wofalitsidwa mu 2007, amene dokotala wathu wa mtima Ana Olga Mocumbi anachita nawo, anapeza kuti pa ana 1,000 alionse a sukulu amene anaunikidwa ndi makina ku Maputo, pafupifupi 30 anali ndi zizindikiro za mtima wowonongeka motere. Mwana wotereyu asowa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Kumupatsa makapisozi a mavitamini m'malo mwake ndi kumutaya. Palinso ana amene amaphethira chifukwa maso akuyabwa ndi fumbi la chilimwe kapena chifukwa saona bwino pabolodi, ndi ena amene khosi limapindika chifukwa cha mapiritsi ena oletsa kusanza. Zonsezi wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala. Yambani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Cuamba, ku Lichinga kapena ku Nampula. Dziko lathu lakhala likuphunzitsa matekiniko a matenda a m'maganizo ndi a ubongo kuyambira mu 1996 kuti azigwira ntchito m'zipatala za maboma. Funsani za ameneyo, ndipo musachite manyazi ndi dzina la ntchito yake, pakuti kuonana naye sikutanthauza kuti mwana wanu wapenga.

Tsono tinene za mabotolo. Zinthu zimene zimatchulidwa kawirikawiri, pamsika ndi m'mauthenga a pa WhatsApp, ndi mafuta a nsomba, mchere wa m'thupi wotchedwa magnesium, ndi vitamini B6. Mafuta a nsomba anayesedwa mwa dongosolo ku New York, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2012. Ana 33 anagawidwa pawiri: ena analandira mafuta a nsomba, ena mafuta a azitona ooneka chimodzimodzi, kwa masabata 20, popanda mwana kapena dokotala kudziwa amene akumwa chiyani. Pamapeto pake, kuchuluka kwa matiki sikunasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwo, ngakhale kuti ena mwa omwa mafuta a nsomba anaoneka kuti sakusautsika nawo monga kale. Zinathera pomwepo. Za magnesium ndi B6 pali kafukufuku wochepa, wa ana owerengeka, ndipo wina analibe gulu lofanizira nalo. Tanena kale chimene chimachitika munthu akathira kabotolo m'nyanja popanda wina woyang'ana kumitambo. Mu 2019 bungwe la madokotala a ubongo a ku America, American Academy of Neurology, litasanthula maumboni onse, silinaike mavitamini ameneŵa pakati pa njira zimene linalangiza. Linanena kuti ngati matiki sakumupweteka mwana kapena kumulepheretsa sukulu, kungodikira ndi kuyang'anira ndi njira yovomerezeka.

Ndipo tisaganize kuti chinthu chikatchedwa vitamini ndiye kuti sichingapweteke. B6 womwedwa mopitirira muyeso kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha, manja ndi mapazi n'kumachita dzanzi. Magnesium wambiri amatsegula m'mimba, ndipo tonse tikudziwa chimene kutsegula m'mimba kumachita kwa mwana wochepa thupi. Botolo lolembedwa m'chinenero chimene wogulitsa yemwe satha kuwerenga, limene lakhala padzuwa pamsika miyezi yosadziwika, n'chikomekome cha mkuyu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene zili m'mabotolomo tili nazo kale pakhomo. Mafuta a nsomba ali m'matemba, m'makumba ndi m'mlamba wa ku Chilwa ndi Chiuta, ndi mu usipa umene umafika ku Mandimba kuchokera kunyanja yaikulu. Magnesium ali mu mtedza, nyemba, nandolo, khobwe, chitowe, nthanga za maungu, bonongwe ndi nkhwani, ndiponso mu mgaiwa koposa mu ufa woyera. B6 ali mu nthochi, mbatata, nsomba ndi chiwindi. Sitikulonjeza kuti zimenezi zidzachotsa tiki, koma zidzamanga thupi la mwanayo pamodzi ndi abale ake onse, pamene botolo limadyetsa wogulitsa. Banja limene lagulitsa thumba la mtedza kuti ligule magnesium wa m'botolo lagulitsa chinthu chomwecho chimene likukagula. Chammwamba nachonso ndi ndiwo yabwino, ndipo tikulimbikitsa amayi kuubzala mtengowu pakhomo, koma palibe umboni wakuti chimachiza matiki, ngakhale chitapangidwa ufa ndi kuikidwa m'pepala lonyezimira.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuyezetsa, ndicho magazi. Ofufuza ena aona kuti ana a matiki amene ali ndi ayironi wochepa m'thupi amavutika koposa. Sizinatsimikizike kuti kuchepa kwa ayironi ndiko kumayambitsa matiki, koma kuno kumene malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zimamwa magazi a ana athu, kuyezetsa sikutaya nthawi, ndipo magazi akapezeka ochepa mankhwala ake amaperekedwa kuchipatala pa muyeso woyenera mwana.

Nanga kusala zakudya? Apa tikuchenjeza kolimba. Tamva za ana oletsedwa mazira, nsomba zopanda mamba, mkaka, mchere, ngakhale nyemba. Ku maiko olemera makolo ena amachotsa tirigu ndi mkaka pa chakudya cha mwana poyembekeza kuti matiki achepa, ndipo palibe kafukufuku wolimba amene watsimikiza kuti zimathandiza. Komatu iwo ali ndi zakudya zina zambiri zoloŵa m'malo. Mwana wa ku Ngauma mukamuchotsera dzira ndi mlamba m'mwezi wa Januwale, mwamusiyira nsima ndi madzi. Chimene chili ndi kaumboni pang'ono ndi zakumwa zokhala ndi kafeini. Mu 2008 madokotala a ku Hannover, ku Germany, atafunsa anthu a Tourette za zakudya zawo, ambiri ndithu anati khofi, tiyi wakuda ndi zakumwa za kola zimawonjezera matiki. Kunali kufunsa chabe, si kuyesa, koma kusiya zimenezi sikudya ndalama ndipo sikupweteka mwana. Tiwonjezepo tizakumwa topatsa mphamvu timene tadzaza m'magolosale a m'malire muno: mwana wa pulaimale alibe nato ntchito.

Ngati mufuna kuyesa kusintha chakudya, yesani monga anayesera Danieli. M'chaputala choyamba cha buku lake, iye sanangouza woyang'anira kuti amukhulupirire. Anapempha masiku 10, kuti pambuyo pake nkhope zawo zifanizidwe ndi za anyamata ena. Kumeneko ndiko kuyesa koona, kokhala ndi chofanizira. Koma kwa matiki masiku 10 n'ngochepa. Tengani kope, lembani mwakachetechete madzulo alionse ngati tsikulo linali labwino, lapakati kapena loipa, kwa mwezi wathunthu musanasinthe kanthu. Kenaka sinthani chinthu chimodzi chokha, ndi kulembabe miyezi iwiri. Mwanayo asaone kuti mukumuwerenga. Makolo ambiri akatero amadabwa kuona kuti masiku oipa akutsatana ndi mayeso a kusukulu, kusagona, maliro, kapena mkangano wa m'nyumba, osati ndi ndiwo.

Za zitsamba tinene mwachilungamo. Sitinyoza mitengo. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, ndipo Coartem amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chitsamba cha ku China, chimene mayi wina wasayansi, Tu Youyou, analandira nacho mphotho ya Nobel mu 2015. Ngakhale pa matiki, ku China kuli mankhwala ena azitsamba amene anayesedwa mofanizira ndipo anaonetsa kuthandizako. Koma zimenezo ndi zitsamba zodziwika maina, zoyezedwa muyeso, zoyesedwa pa ana ambiri madokotala akuyang'anira chiwindi ndi impso zawo. Muzu wa m'botolo la Fanta umene mwini wake akukana kutchula dzina lake suli m'gulu limenelo. Ndipo mphini n'zoletsedwa ndithu: lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, bala lake lingalowetse kafumbata, ndipo mwana amene anali ndi vuto losapha amabwerako ndi lakupha. Chimodzimodzi musamugawire mwana mapiritsi a khunyu a mnansi wanu.

Kodi palibe chimene chimathandiza? Chilipo, ndipo sichimwedwa. Mu 1973 akatswiri awiri a ku America, Azrin ndi Nunn, anafotokoza njira yophunzitsa munthu kuzindikira kuyabwa kuja kumene kumatsogolera tiki, ndipo akakumva achite chinthu china chotsutsana nayo kwa mphindi imodzi kapena kufikira kuyabwako kutazilala. Wokweza mapewa amaphunzira kukanikiza zigongono m'nthiti. Wa kamawu ka pakhosi amaphunzira kupuma pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, pakamwa patatsekedwa. Njirayi inakonzedwanso powonjezapo kusintha zinthu za panyumba ndi za kusukulu zimene zimautsa matiki, ndipo mu 2010 inayesedwa pa ana 126 a zaka 9 mpaka 17, amene anakumana ndi mphunzitsi kasanu ndi katatu pa masabata 10. Oposa theka la ophunzitsidwawo anapeza bwino kwambiri, pamene mwa enawo, amene ankangolandira uphungu wamba, opeza bwino sanakwane mmodzi pa asanu. Bungwe lija la ku America linaika njira imeneyi patsogolo pa mapiritsi. Odziwa kuiphunzitsa ndi osowa kuno kwathu, tisabise, koma n'koyenera kufunsa kwa tekiniko uja. Ndipo chonde, njirayi si chikoti chatsopano. Imagwira ntchito pa mwana wamkulupo amene iye mwini akufuna, tiki imodzi pa nthawi, ndipo kholo ntchito yake ndi kuyamikira, osati kulondalonda. Mapiritsi a kuchipatala aliponso, monga haloperidol ndi risperidone, a ana amene matiki akuwapweteka thupi kapena kuwatulutsa sukulu, koma amagonetsa, amanenepetsa ndipo angaumitse thupi, n'chifukwa chake amapereka ndi dokotala yekha. Muuzeninso dokotalayo ngati mwanayo sakhazikika m'kalasi kapena ali ndi nkhawa zobwerezabwereza, pakuti zimenezi zimayenda pamodzi ndi matiki ndipo nthawi zina n'zimene zimamusautsa koposa.

Zotsalazo zili m'manja mwathu ndipo n'zaulere. Mwana agone mokwanira. Athamange, amenye mpira, asambire pamene pali akulu. Musamuuze kuti "siya" nthawi iliyonse, pakuti kutchula tiki ndiko kuiitana. Pitani kwa aphunzitsi mukawafotokozere, kuti chikoti chichoke ndipo mwanayo aloledwe kutuluka panja pang'ono zikamuchulukira. Anyamata amene amakonda mpira auzeni za Tim Howard, amene anali ndi Tourette kuyambira ali mwana koma anagwira pagolo ku Manchester United ndi ku Everton, ndipo mu 2014 anaimira dziko la America pa mpikisano wa dziko lonse.

Tsono tidziyang'ane ife eni, a mumpingo, pakuti nkhaniyi imatikhudza pamalo opweteka. Mwana wogwedeza mutu ndi kutulutsa mawu achilendo timafulumira kumuyesa wa ziwanda, makamaka ngati ali mmodzi wa ochepa aja, pafupifupi mmodzi pa khumi mwa a Tourette, amene pakamwa pawo pamatuluka mawu otukwana iwo asanafune. Taganizani chimene chimachitika tikamuimika kutsogolo kwa mpingo wonse. Maso mazana ali pa iye, anthu akufuula m'makutu mwake, mtima ukugunda ndi mantha, mwinanso wagona ndi njala pa kusala ndiponso wachezera usiku wonse. Mantha, kutopa ndi kuyang'anitsitsidwa ndizo zinthu zimene zimautsa matiki koposa. Chotero amachuluka, ndipo timati chiwanda chadziulula. Kenaka mwanayo, poona kuti sadzamusiya kufikira atasiya, amagwira mpweya ndi mphamvu zake zonse, ndipo timaimba kuti chatuluka. Pofika kunyumba zonse zimene anagwira zija zimatuluka pamodzi, ndipo mawa lake amauzidwa kuti chikhulupiriro cha amayi ake n'chochepa, kapena kuti pali agogo ena amene ayenera kufunsidwa. Tikudziwa mabanja amene anasiya kupatsana moto chifukwa cha mawu otere. Ife abusa tili ndi mlandu pamenepa, pakuti nafenso timakonda kulandira ulemu wa kabotolo kothiridwa m'nyanja.

Sitikuletsa pemphero, Mulungu atikhululukire tikatero. Tipempherere ana ameneŵa, ndi makolo awo amene atopa, koma m'nyumba mwawo, ndi mawu ofatsa, mwanayo atakhala pakati pa abale ake monga mwana, osati monga chionetsero. Pamene ophunzira anafunsa Ambuye za munthu wobadwa wosaona, pa Yohane 9, anafuna kudziwa wochimwa, ndipo Ambuye anakana kuloza chala kwa iye kapena kwa makolo ake. Aphunzitsi a Sande Sukulu ndiwo angathandize kwambiri: kuletsa ana ena kumutsanzira ndi kumupatsa maina, kusamuika pa benchi lakutsogolo ngati safuna, ndi kusamutulutsa chifukwa cha kamawu kamene sangathe kukaletsa. Akulu ampingo akamva kuti banja likufuna kugulitsa chiweto kapena chimanga cha m'nkhokwe chifukwa cha mankhwala otere, apiteko asanagulitse, ndipo ngati chosowa ndi ndalama ya ulendo wa ku Cuamba, imeneyo ndiyo mpingo ungasonkhe.

Mayi uja anapita naye mwanayo kuchipatala. Anamumvetsera mtima ndipo unali bwino, khunyu analibe, magazi anali ochepa, nalandira mankhwala a njoka za m'mimba ndi a magazi. Bambo ake anavutika kuvomera, ndipo tinakhala nawo pansi kawiri konse, mkulu wampingo mmodzi ali pomwepo, asanalonjeze kupachika chikoti. Tiyi wa m'mawa analowedwa m'malo ndi phala lotendera. Sitikuuzani kuti wachira, pakuti sanachire. Phewa linaleka, koma m'nyengo yozizira kunabwera kukwinya mphuno, ndipo mayi ake anafikanso pakhonde lija ali ndi mantha, tinatsegula nawo kope lawo, naona okha kuti zinayamba sabata la mayeso. Mbuzi ija ikadali pachingwe kuseri kwa nyumba. Mnyamatayo analowa kwaya ya ana, ndipo amene mumakhala pafupi mwina mwaona kale kuti nyimbo ikayamba nkhope yake imakhala bata kufikira ndime yomaliza.

Makolo amene muli ndi mwana wotere ndipo mukufuna kulankhula nafe, bwerani Lachitatu masana ku nyumba ya mbusa, ulendo woyamba musabwere naye mwanayo.